Malikisi a Zabibu

Kalata yomusamutsa inamupeza Marjorie Msowoya Lachinayi m'mawa ali pa bolodi, choko chili m'manja. Inali yaifupi ngati ya munthu wokwiya. Lolemba akapezeke pa sukulu ina kumapiri a Chitipa, ndipo lole ya boma idzamutenga Loweruka m'mamawa. Chifukwa sanalembemo. Masiku amenewo chifukwa sichinkalembedwa, ndipo wofunsa chifukwa ankadziputira zina zazikulu.

Za Chitipa sanade nazo nkhawa kwenikweni, poti masamu ndi omwewo kulikonse. Chimene chinamusowetsa mtendere unali mutu wake, chifukwa m'mutu mwa Marjorie munali yunivesite yathunthu.

Tikati yunivesite musaganize za nyumba zosanja ndi mikanjo yakuda. Inali shedi ya Goodwell, kalipentala wa ku Ching'ambo, momwe ophunzira ankakhala pa matabwa osapala, utuchi uli m'mapazi. Anaiyambitsa aphunzitsi asanu, kuphatikizapo Marjorie, omwe anabwezedwa kumpoto kuchokera m'masukulu a pakati ndi kumwera, anthu a mitu yodzaza koma osowa poikhuthulira. M'tauni munalinso achinyamata okhoza bwino Fomu 4 omwe sanasankhidwe kupita ku yunivesite imodzi yokhayo ya dziko lino, akungoponda matope a Mzuzu. Awa ndi awa anapezana. Wodutsa pamsewu ankangoona anthu akuphunzira ukalipentala madzulo, ndipo Goodwell ankamenyako hamala apo ndi apo kuti bodzalo limveke.

Pokonza dongosolo la digiri anakangana miyezi iwiri. Marjorie ankafuna maphunziro aafupi, lililonse loima palokha, popeza anthu masiku amenewo ankasowa ngati nkhuku za pamsewu. Koma panali a Amos Luhanga, mphunzitsi wa sayansi, munthu wovala tayi ngakhale popita kuchigayo. Iwo ankafuna makwerero: maphunziro khumi ndi awiri, anayi pachaka, zaka zitatu, ndipo likaperewera limodzi digiri palibe. A Luhanga anapambana, osati chifukwa cha mfundo, koma chifukwa anzawo onse anatopa iwo asanatope.

Anawonjezera malamulo awiri. Loyamba linali lanzeru: pasalembedwe kanthu papepala, chifukwa mndandanda wa mayina unali wokwanira kumutsekeretsa munthu popanda mlandu. Lachiwiri analitenga ku sukulu ya mishoni kumene anakulira, lakuti wophunzira asauzidwe malikisi ake mpaka tsiku lomaliza, kuopa kuti angatukumuke. Choncho mphunzitsi aliyense akayesa ana ake pakamwa ankamunong'oneza Marjorie malikisiwo, iye n'kuwasunga.

Ankawasunga mumsewu. Wophunzira aliyense anamupatsa chigawo cha njira yochokera kwawo ku Zolozolo kukafika m'tauni, wina mitengo ya bulugamu, wina mapolo a magetsi, wina zitseko za magolosale. Akamayenda m'mawa uliwonse manambala ankamulonjera okha. Zabibu Maulidi, mtsikana wa ku Mangochi amene bambo ake anali ndi sitolo ya nsalu pafupi ndi msika, anamupatsa mabenchi khumi ndi awiri a ogulitsa malonda pa depoti ya basi. Ndipo mwa ana onse amene anayamba, Zabibu yekha ndiye anali atafika pa khwerero lomaliza. Aphunzitsi anali atagwirizana kale kukumana Lachisanu madzulo kuti amve malikisi ake.

Lachisanu m'mawa Marjorie sanapite kusukulu, katundu sanalongedzenso. Anafunda chitenje pamwamba pa juzi n'kulowa m'mvula yowaza ija ya ku Mzuzu, yosanyowetsa msanga koma yosaleka. Pa depoti anayamba kuwerenga. Benchi la mayi wa nthochi, sevente-wanu. La wogulitsa fodya, sikisite-foro. Anapitirira bwinobwino mpaka lachisanu ndi chiwiri. Pa lachisanu ndi chitatu panalibe benchi. Panali chithaphwi.

“Wosoka nsapato uja ali kuti?” anafunsa mayi wa nthochi.

“Anapita kwawo ku Karonga, mama, kale chomene. Mwezi wachitatu uno.”

Miyezi itatu akudutsa pamenepo osaona! Anaima n'kuyang'anitsitsa chithaphwicho ngati nambala ituluka m'madzimo. Anabwerera kumayambiriro kwa mabenchi n'kuyambanso, akuyenda msanga kuti mwina liwiro limudumphitsa. Anayesa kuyambira kumapeto. Kachitatu konse anafika pamalo omwewo mutu uli mbee, mpaka kondakitala wina anamufunsa ngati wataya ndalama.

Benchi lachisanu ndi chitatu linali la phunziro la mbiri yakale, la a Hudson Mwafulirwa. Iwo anamunong'oneza malikisi a ana asanu ndi awiri pa maliro ena ku Nkhorongo, nyimbo ili mkati. Sabata yotsatira galimoto yopanda nambala inawatenga pakhomo pawo, ndipo mpaka tsiku limenelo palibe ankadziwa kumene ali. Shedi inatsekedwa miyezi iwiri ndi mantha. Itatsegulidwa, a Luhanga analola ana onse kupitirira chaka chachitatu, amvekere za mbiri yakalezo tidzaziona pomaliza. Pomaliza pake ndi pamenepa.

Marjorie ankakumbukira kuti ana awiri analephera. Ankakumbukiranso kuti potchula dzina la Zabibu a Mwafulirwa anachita kanthu ndi mutu wawo, koma kaya anagwedeza movomera kaya anapukusa, zinali zitafufutika. Ndipo munthu uja analibe chisoni ndi ana anzeru. Ankati mwana woloweza ndi wailesi chabe.

Miyendo inamutengera kumsika. Pa geti anaonetsa khadi lake la chipani osayang'ana n'komwe amene walifuna. Anazungulira mbali ya nsomba, mbali ya mbatata, kenaka anazindikira kuti waima pakhomo pa sitolo ya Che Maulidi, malo amene ankafuna kuwapewa.

“Aphunzitsi, lowani, mvula imeneyo,” anatero mwini sitolo, akupinda nsalu. Anayang'ana kunja kaye n'kutsitsa mawu. “Lero ndi lero, eti? Ine ndinamuuza mwanayu poyera. Zaka zitatu ndakupatsa. Aphunzitsi ako akati wamaliza, khala kuno, upeze ntchito, ndipo anthu a ku Mangochi ofunsira ukwati aja ndiwabweza ndekha. Akati sunamalize, mwezi wamawa ukukwera basi ndi amayi ako, ukwati ukakonzedwe. Pepala sindikufuna ine. Mawu anu ndi okwana, inu simunama.”

Zabibu anali kuseri kwa kauntala, mpango wobiriwira kumutu, akumuyezera nsalu mayi wina. Sanadzutse maso. Marjorie anamva chisoni ndiponso mkwiyo, ngakhale sanadziwe kuti akwiyire ndani pakati pa a Luhanga ndi makwerero awo, wosoka nsapato, ndi mutu wake womwe. Anatsanzika mwachangu n'kukayendanso pa depoti kachinayi, osapindula kanthu.

Pofika folo koloko anali m'shedi. Aphunzitsi analipo atatu okha, wachinayi atadwala. A Luhanga anakhala pa bokosi la zida, tayi ili pakhosi, ambulera atatsamira. Zabibu anakhala pa thabwa patsogolo pawo manja ali pamaondo. Kunja Goodwell ankacheka thabwa limene silinkafunika kuchekedwa.

“Mwatandala uli mose,” anayamba a Luhanga ndi moni wa Chitumbuka. “Lero ndi tsiku lalikulu chomene. First candidate. Tilibe mkanjo, tilibe pepala, koma tili ndi standards. Tsiku lina zinthu zikadzasintha tidzaimirira pamaso pa aliyense n'kunena kuti mwana uyu anakwera makwerero onse, palibe limene anadumpha. NyaMsowoya, proceed.”

Marjorie anaimirira. Anatseka maso n'kuyamba kuyenda pa depoti ya m'mutu mwake. Chingerezi, sevente-wanu. Masamu oyamba, sikisite-foro. Pa nambala iliyonse a Luhanga ankagogoda pansi ndi ambulera. Mawu a Marjorie ankatuluka bwino, koma chithaphwi chija chinkayandikira. Anaganiza zongonena kuti ndaiwala. Ankadziwa yankho lake: palibe malikisi, palibe digiri, abwereze. Abwereze kwa yani, mphunzitsi wake ali kosadziwika? Anaganiza za basi ya ku Mangochi.

“Mbiri yakale,” anatero, ndipo sanapume n'komwe. “Sikisite-eyiti.”

Ambulera inagogoda. Dziko silinagwedezeke, denga silinagwe, macheka a Goodwell anapitiriza kulira. Bodza loyamba la Marjorie pa ntchito imeneyi linadutsa mosavuta moti iye mwini anachita nalo mantha. Anamaliza anayi otsalawo n'kukhala pansi.

A Luhanga anaimirira, nakonza tayi. Munthu wouma mtima uja maso ake anali atadzaza misozi.

“Sikisite-eyiti kwa Hudson!” anatero. “Munthu amene sanapatsepo mwana sevente chibadwire. Mnzanga akanakhala pano lero...” Anatulutsa kampango, nadzipukuta, kenaka anagwira dzanja la Zabibu ndi manja awiri. “Mwana wanga, wamaliza. Ndiwe woyamba. Yewo, yewo chomene.”

Zabibu anagwada pang'ono n'kuthokoza ndi mawu apansipansi. Sanamwetulire, koma onse anati ndi manyazi.

“Tsono pali nkhani ina,” anapitiriza a Luhanga. “Madam akutisiya mawa. Malikisi a ana khumi ndi asanu ndi anayi ali m'mutu mwawo, ndipo mutuwo ukukwera lole. Tikufuna mutu wina. Ife aphunzitsi tikuchotsedwa mmodzimmodzi, koma mwana wa m'sitolo palibe amamuyang'ana. Zabibu, ntchito yako yoyamba ndi imeneyo. Uyende nawo madam mpaka ku Zolozolo, akupatsire zonse kusanade.”

Anatuluka awiriwo mvula ikuwazabe. Marjorie anayamba ntchito nthawi yomweyo, akulankhula mothamanga ngati wothawa kanthu. Analoza mapolo a magetsi n'kutchula dzina la mwini wake ndi manambala ake, Zabibu n'kubwereza. Analoza mabulugamu, Zabibu n'kubwereza. Mtsikanayo ankagwira kamodzi kokha, osaphonya. Njinga zinkawadutsa zikuwathira matope, iwo osalabadira. Pofika pa mlatho waung'ono wolowera ku Zolozolo ana onse khumi ndi asanu ndi anayi anali atasamuka mutu.

“Basi,” anatero Marjorie. “Uziyenda njira imeneyi tsiku lililonse. Ndipo uziyang'anadi, usamangodutsa. Chinthu chikachotsedwa, samutsa nambala tsiku lomwelo.”

“Atsala anga, aphunzitsi.”

“Ako wawamva kale.”

Zabibu anaima. Anakonza mpango wake umene unali utanyowa, n'kuyang'ana madzi ofiira odutsa pansi pa mlatho.

“A Mwafulirwa anabwera kusitolo,” anatero. “Kutatsala masiku awiri kuti awatenge. Anagula nsalu ya malaya mayadi awiri, ndipo ndikuwadulira anandiuza kuti lamulo la a Luhanga alithyola, chifukwa sakudziwa ngati adzandionenso. Anati ndinawabwezera mawu awo onse osasiya ngakhale limodzi, koma atandifunsa maganizo anga ndinangoti kukamwa yasa. Anandipatsa fote-seveni. Anati ndidzabwereze, adzandiyesanso okha.”

Manyazi anamugwira Marjorie mpaka m'makutu.

“Bwanji sunanene m'shedi muja?”

“Ndinadikira kuti munene ndinu. Ndinabwera nditalongedza kale mumtima, za ku Mangochi ndinali nditazivomera. Ndiye mwanena zina.” Anatembenukira kwa Marjorie. “Ndinafuna kuimirira, aphunzitsi. Ndinayesa. Koma ndinaona a Luhanga akulira, ndinaganiza za bambo, ndipo miyendo inakana. Sindikufuna kupita ku Mangochi.”

“Ndinaiwala, Zabibu. Benchi lake linachotsedwa. Sindinadziwe kuti...”

“Ndinadziwa kuti mwaiwala. Pa ena onse munkatseka maso, pa limenelo munatsegula.”

Mayi wina wosenza nkhuni anawadutsa n'kuwapatsa moni, onse awiri anayankha bwinobwino ngati anthu opanda nkhani. Marjorie anafuna kunena kuti palibe adzadziwe, koma anakumbukira kuti mawu amenewo akuwauza munthu amene kuyambira mawa ana khumi ndi asanu ndi anayi adzadalira pakamwa pake. Anafuna kunena kuti abwerere kwa a Luhanga, koma kumeneko kunali kumukweza mwanayo basi ndi manja ake.

“Bambo akudikira kusitolo,” anatero Zabibu, akupukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. “Ndikawauza zimene a Luhanga anena, poti anenadi. Koma inu mukuchoka mawa, ndipo wosunga ndine. A Mwafulirwa akadzatuluka adzandifunsa. Ana enawa akadzafika pomaliza, a Luhanga adzati nditchule za woyamba kuti amve. Ndiye ndiuzeni musanapite, aphunzitsi. Pa dzina langa ndisunge iti?”

Marjorie, amene kwa zaka zitatu sanasowepo nambala yoyankha munthu, anatsegula pakamwa. Mtsikanayo anadikira, mvula ikumutsika kumaso, ndipo anadikirabe.