Mng'alu pa Ndalama ya Apongozi

Tsiku la Diwali, chikondwerero cha nyali, ntchito siidikira munthu. Sugna anakama njati, anazira khonde, anasambitsa mwana wake Gudiya, anakanda ufa wa chapati, anapota zingwe za nyali. Inatsala imodzi: kutsuka ndalama yakale ya siliva imene banjalo limaika patsogolo pa Lakshmi, mulungu wamkazi wa chuma, dzuwa likamalowa. Zaka zonse apongozi ake, mayi Kesar, ankangoitsira mkaka, koma tsopano maso awo anagwa ng'ala.

Sugna sankadziwa kutsuka mwapatalipatali. Anatenga bwemba ndi phulusa, nakwecha mpaka kuda konse kunachoka. Pamenepo ndi pamene anauona: mng'alu woonda ngati tsitsi, kuchokera pachipewa cha mfumukazi wodindidwa pandalamapo mpaka m'mphepete.

Chinthu chong'aluka sichiikidwa pamapemphero, chimaitana tsoka, ndipo mwamuna wake Bhanwar anali akadali pamsewu ndi lole. Komanso mawu a apongozi, tsiku limene Sugna anaswa mtsuko, anali asanazizire: "Mukadzaswa china mudzapita kwanu. Mwanayu ndi wa pakhomo pano."

Anabereka Gudiya, nauza apongozi kuti mafuta a nyali achepa, nathamangira kumsika kwa Ghewar, mmisiri wa siliva.

"Achimwene, ndikonzereni. Ndaing'alula."

Ghewar anaika kagalasi padiso, nayang'ana, nayang'ananso. Kenaka anaseka.

"Mlongo, mphamvu zake ziti? Mumadya miyala? Bweretsani chikhadabo." Anachiyendetsa pandalamapo. "Mwamva? Mzerewu watukuka, sunalowe m'kati. Chimene chinang'aluka ndi chidindo chosindikizira, kalekale. Siliva analowa mumng'alumo, ndiye ndalama zonse za chidindo chimenecho zinabadwa nawo. Onaninso kumbuyoku, kadontho pansi pa duwa. Zimenezi alipo anthu amazisaka, amagula modula."

"Zimenezo mukawauze ndinu amayi? Aneba akabwera ndi maso awo, mng'alu ndi mng'alu basi."

Mmisiriyo anakanda chibwano. Anatsegula kabokosi, natulutsa ina ya chaka chomwecho, mfumukazi yemweyo, yosalala bwinobwino.

"Tisinthane. Koma pakamwa pake ndi panu, ine sindinakukakamizeni."

Sugna analandira, mtima nkukhalako pansi.

Dzuwa litapendeka, mayi Kesar anatambasula dzanja. "Tapatseni ndiigwire."

Chala chawo chachikulu chinayenda pachipewa cha mfumukazi. Chinabwerera. Chinayendanso.

"Uli kuti mzere wanga?"

"Mzere uti, amayi?"

"Musandiyese mwana! Maso ndiwo anafa, chala chilipo. Ndalama imeneyo anandimangirira pansalu amayi anga tsiku la ukwati. Pobala Bhanwar ndinaifumbata mpaka mzerewo unadinda m'manja. Iyi ndi ya ndani?"

Sugna anagwada. Ananena zonse, za phulusa ndi za Ghewar, mawu akuthamangitsana. Apongozi sanakalipe, ndipo chimenecho ndicho chinamuopsa kwambiri. Anangofufuza ndi manja, nanyamula Gudiya, namukhazika pamiyendo.

"Mwana akhale. Nyali tisanayatse, ndalama yanga ikhale pano."

Sugna sanakumbuke n'komwe nsapato. Mumsika munali yakaliyakali, ogulitsa maswiti akukuwa, anyamata akuphulitsa makombola pamapazi a anthu. Iye ankangoona dzuwa likutsikira pamadenga. Anapeza Ghewar akukokera chitseko chachitsulo pansi.

"Achimwene! Ndibwezereni!"

"Aa, mlongo, mwayamba kuikonda tsopano? M'mawa inali tsoka." Anatulutsa m'thumba kapepala kopindidwa bwino, ndalama ija ili m'kati. "Ndaimbira kale wogula wa mumzinda wa Jaipur. Ndimuuze kuti chiyani?"

"Muuzeni kuti mwini wake wagwira mwana wanga."

Ghewar anayang'ana mapazi a Sugna otuluka magazi, kenaka makutu ake. Sugna anamvetsa mtengo wake. Anavula ndolo, naziika pamodzi ndi ndalama yosalala ija. Asanachoke anatsegula kapepalako, nayendetsa chikhadabo pachipewa cha mfumukazi, chikhadabo nkugwira mzere.

Anafika nyali za aneba zitayamba kuyaka. Mayi Kesar anaipapasa nthawi yaitali, kenaka anati, "Mwaipala ngati poto. Tengani mwana wanuyu, wandinyowetsa."

Bhanwar analowa mapemphero atatha, lole ili bwinobwino, nafunsa chakudya.

Zonse pamodzi zinamudyera Sugna ndolo zimene anampatsa amayi ake, chikhadabo cha chala cha kumwendo, ndi chapati za madzulo zimene zinapserera. Mafuta a nyali amene ananamizira aja anawagulanso ndi ndalama zake za mkaka.