Msomali wa a Hezron

Mkuyu wa pa Bolero ndi wakale kuposa tchalitchi, msewu ndi mabodza onse a ndale. Unaona ogula minyanga, unaona azungu a mishoni, unaona tambala wakuda akulimbana ndi nyali, ndipo onsewo unawaperekeza osagwetsa ndi tsamba lomwe. Thunthu lake ndi misomali yokhayokha. Lamulo lake ngakhale mbuzi zimalidziwa: zamalonda ndi zamisonkhano zimakhomedwa kum'mawa, kumadzulo n'kwa zithunzi za omwalira basi.

Amene sankalidziwa ndi Greyson, mlamu wa a Hezron wochokera ku Dedza. A Hezron, mphunzitsi wopuma pantchito, ankafuna ukhansala ndi mtima wonse, poti ankakhulupirira kuti Bolero yense amawakonda. Greyson atapeza kum'mawa kutadzaza zipani, anaseka anthu a ku Rumphi posiya malo abwino chonchi, n'kukhomera chithunzi cha alamu ake kumadzulo. Pansi pake panali mawu akuti: "Ntchito zawo zikuwachitira umboni."

Dzuwa lisanafike pamutu, amayi a kutchalitchi anali atafika pakhomo ndi nyimbo, ufa ndi nkhuni. A Hezron anali kubafa, sopo ali kumaso. Mukuganiza anatuluka? Anangoti zii, kumvetsera. Anamva kuti anali nsanamira ya mudzi, kuti ndodo yawo inaphunzitsa madokotala. Ngakhale Amock, wopikisana nawo, analira mpaka mamina. Mtima wawo unadzaza: chisankho apambana kale.

Atatuluka ndi thaulo m'chiuno, anthu anabalalika ngati nkhuku zaona kabawi. Kenako anabwerera mmodzimmodzi kudzatenga ufa wawo.

Tsiku la chisankho mavoti awo sanakwane ngakhale anthu odya pakhomo pawo. Zinawapweteka kwambiri. Madzulo anafunsa akazi awo, a Phyllis, kumene kunapita khamu lija.

"Amakukondani chomene, adada," anatero a Phyllis, "koma mutagona."

A Hezron anapita kukang'amba chithunzicho, koma msomali unakana kuzuka. Anaukoka, anautukwana m'Chingerezi, mkuyu osaulavula.

Patapita zaka zingapo anagonadi. A Phyllis ananyamula chithunzi ndi hamala, ulendo wa kumkuyu, ife a m'mudzimo tikuwatsatira. Msomali uja anaupeza uli pomwepo, wadzimbiri, ukudikira mwini wake. Palibe anaseka, ndipo ine misozi inandituluka. Mayiwo anangokoloweka chithunzicho, hamala n'kubwerera nayo osaigwiritsa ntchito.