Zitunda za M'nkhalango ya Paini

Ntchito yanga ndi yochotsa mitengo pa kompyuta. Ndege imadutsa pamwamba pa nkhalango ikuwalitsa pansi kuwala koyezera nthaka kotchedwa leza, ine n'kumafufuta masamba ndi nthambi pachithunzicho mpaka nthaka itatsala yokha, yotuwa ngati phulusa, kadzenje kalikonse kakuoneka.

Chaka chatha anatipatsa nkhalango ya paini ya kuseri kwa phiri. Akatswiri akale ankati zitunda za m'menemo n'za anthu amakedzana, n'chifukwa chake kampani yophwanya miyala inkaletsedwa kulowamo. Nditachotsa mitengo, zitundazo zinaoneka kuti n'zamakona anayi, zitandandana m'mbali mwa kanjira. Abwana anabweretsa chithunzi chakale cha pandege, chojambulidwa paini asanabzalidwe, n'kuchisanjika pa changa. Pachitunda chilichonse panagwera denga la nyumba ya pachithunzi chakalecho.

"Si zamakedzana izi," anatero akuvula magalasi. "Ndi maziko a nyumba za anthu amene anasamutsidwa pobzala mitengo. Mwagwira ntchito yabwino, koma basi, malowa satetezedwanso."

Ndinkadziwa kuti amayi kwawo kunali chakomweko, ngakhale sankakonda kuzikamba. Loweruka ndinasindikiza chithunzicho papepala lalikulu n'kupita nacho kwawo. Ndinawapeza akusita.

"Chithunzi chanji chopanda munthu? Kamera yanu inafa?"

Nditawafotokozera, anazimitsa simbi n'kuyala pepalalo patebulo. Chala chawo chinatsata kanjira kaja pang'onopang'ono.

"Apa panali osoka nsapato. Apa amalume ako, aja anamanga khoma lokhota n'kumati ndi sitayilo." Anaseka mpaka kutsokomola. "Ichi chitsime. Iyi yomalizayi ndi yathu."

Kenako chala chinaima pakadontho kuseri kwa nyumbayo.

"Aka mwati n'chiyani?"

"Tinalemba kuti ndi chulu."

"Si chulu. Ndi mkulu wako."

Moyo wanga wonse ndinkadziwa kuti woyamba kubadwa ndine. Ndinangokhala pansi.

"Sanathe ndi mwezi womwe," anatero osandiyang'ana. "Abambo ako anali kutali kuntchito. Tinamuika pomwepo, ine ndinaunjikapo miyala kuti agalu asafukule. Dothi lisanaume malole anabwera kudzatisamutsa."

"Bwanji simunandiuze, amayi?"

"Ndikanati ukamuone kuti? Ndinabwererako kamodzi uli kumsana. Mitengo yonse yofanana. Ndinazungulira mpaka miyendo kutupa."

Lolemba ndinawauza abwana. Anayamba kuimba mafoni. Yankho linabwera loti manda amodzi sangaimitse ntchito, koma banja likhoza kusamutsa mwana wawo makina asanalowe.

Tinapita ndi galimoto ya kuofesi, ine, amayi, dalaivala ndi anthu awiri okumba. Mitengo yambiri inali itapakidwa kale penti yofiira yosonyeza kuti idulidwa. Ndinatsogola ndi kachipangizo kolozera malo, amayi atandigwira paphewa chifukwa cha mawondo. Ndi maso panalibe chooneka, masamba ouma okhaokha. Kachipangizo katalira, ndinapalasa ndi phazi ndipo ndinagunda mwala.

Amayi anagwada n'kuchotsa okha miyalayo umodziumodzi, osalola kuthandizidwa. Okumba aja anagwira ntchito mosamala, akusefa dothi lililonse. Anafika pansi polimba osapeza kanthu.

"Nthaka ya pansi pa paini imadya mafupa, mayi," anatero wamkuluyo motsitsa mawu. "Makamaka a khanda. Pepani."

Amayi anasuzumira m'dzenjemo nthawi yaitali. Kenako anapempha kabokosi koyera kamene tinabwera nako, natapa ndi manja dothi lakuda la pansi penipeni mpaka kudzaza.

Pobwerera anakafungatira pamiyendo. Dalaivala atafika pamabampu, amayi anamugwira mkono.

"Pang'onopang'ono, bambo."

Makina analowa mwezi wotsatira. Lipoti linatuluka lili ndi dzina langa pachikuto, ndipo anzanga kuofesi anagula keke.