Batire la Kalino

Kalino anayendetsa thirakitala pa famu ya fodya ku Banket, ku Zimbabwe, mpaka maso anachita chidima. Pomupumitsa, bwana anamupatsa sola yakale ya pa mpanda wamagetsi wa ng'ombe. Mkuluyu sanafune nyale ayi. Anafuna wailesi basi, chifukwa m'mawa uliwonse wailesi ya ku Malawi inkalengeza maliro, ndipo kwawo ku Dedza kunatsala mlongo wake mmodzi, Esinati. Dzina lake likapanda kutchulidwa, Kalino ankadziwa kuti akadali ndi m'bale pa dziko.

M'sitolo, wogulitsa, Tickey, anamuikira mabatire awiri patsogolo.

"Sekuru, ili ndi la thirakitala. Mphamvu lili nazo, koma limafuna kukhala lokhuta. Mukamalikama mpaka kuuma, limafa msanga. Linali ndi la sola, limapirira njala."

Kalino anaseka. Iye kumuuza za batire! "Mwanawe, chinthu chodzutsa thirakitala m'chisanu cha Juni chingalephere kawailesi?"

Analisenza la thirakitala lomwelo. Makani a nkhalamba, abale inu!

Ku komboni anzake akale anali atatha, ena kumanda, ena ku mafamu ena. Choncho wailesi inkalankhula tsiku lonse, iye n'kumaiyankha. Batire ankalikama mpaka mawu kuzilala, mawa lake chimodzimodzi. Pofika dzinja linali litafooka kale.

Kenaka kunagwa mvula yamvumbi, dzuwa osaoneka. M'mawa wina wolengeza anayamba ndi mawu otsika: "Tikudziwitsa abale onse, makamaka amene ali ku Zimbabwe, kuti m'mudzi mwa Kanyezi ku Dedza mwamwalira mayi..."

Zii.

Unali mudzi wa kwawo. Kalino anagwedeza mawaya, anapala mitu ya batire ndi mpeni, analimenya khofi, analipempha ngati munthu. Osayankha. Anathamangira kwa oyandikana nawo kukafunsa ngati amva dzina la mayiyo, koma kumeneko ana a masiku ano ankamvera nyimbo za ku Harare.

"Mayi ndani, sekuru?" anafunsa mtsikana wina, Luiza.

"Sindikudziwa."

Dzuwa litabwerera, wailesi inalengeza maliro a anthu ena. Mtima unamupweteka koopsa, poti analibe wolira naye, analibenso dzina lolilira.

Atawerengera kuti kumudzi tsopano akumeta, anatenga lezala n'kukhala kuseri kwa nyumba. Munthu sadzimeta yekha pa maliro, koma panalibe wina. Anadzicheka pang'ono kukhutu, napitiriza.