Miyala ya Yoswa pa Mashelefu

Ndinamuchenjeza Yoswa, mdzukulu wanga, tikupalira chimanga m'chaka cha 1972. Iye ankagwira ntchito yobwereketsa mabuku ku laibulale yaing'ono ya pamishoni kuno ku Domasi. Anthu a boma anali atabwera n'kuchotsa mabuku ena, ati ndi oletsedwa.

"Pamene pachoka buku, pakiza, ngati phando losamera," ndinatero. "Sendeza anzakewo, mpata usaoneke."

"Anganga, mwayamba liti kulima mabuku?" anaseka.

Sanamve. Anatola miyala yosalala kumtsinje, n'kuika umodzi pampata uliwonse. Munthu akafunsa, Yoswa ankamuuza poyera: "Apa panali buku, atiletsa kuwerenga."

Mbiri inafika mpaka kumsika wa ku Songani. Ngakhale ogulitsa usipa, osadziwa ndi chilembo chimodzi chomwe, ankapita kukaona miyalayo. Ine ndinapirira masabata angapo, kenako ndinamanga duku n'kupita kulaibulaleko. Ndinanyamula mwala umodzi, n'kuutembenuza. Unali mwala basi.

"Iwe Yoswa, buku limene linali apali linkati chiyani?"

"Linkanena za anthu a dziko lina amene anafunsa mfumu yawo funso."

"Funso lanji?"

"Ndinali ndisanafikepo, anganga. Analitenga ndili pakati."

Zinandivuta kumvetsa. Boma lili ndi mfuti ndi magalimoto, nanga likuopa chiyani papepala loti chiswe chimadya? Ndikanafunsabe, koma maso anga anagwa pa bambo wina pakona. Nsapato zake zinali zopukuta bwino, zopanda fumbi la kuno, ndipo nyuzipepala anaigwira nthawi yonseyo osatembenuza tsamba.

"Uyo sakuwerenga, akumvetsera," ndinanong'ona. "Taya miyalayi lero lomwe, mwanawe. Akutenga."

"Inu mumaopa ndi nkhuku yomwe ikakuyang'anani cham'mbali," anatero, akundiperekeza pakhomo.

Lachisanu masana kulaibulaleko kunabwera apolisi pa galimoto ya Landirova. A Rabecca, amene ankasesa pamishonipo, ndi amene anathamanga kudzandiuza. Anati apolisiwo anamufunsa Yoswa amene anamutuma kuika miyala, iye n'kuyankha kuti palibe, imangochirikiza mabuku kuti asagwe. Anamukweza ndi njinga yake yomwe.

Anabwerako kundende mpunga utacha kawiri, wowonda, khutu limodzi losamva. Ntchito anali atapatsa wina. Tsopano amaingitsa mbalame kudimba kwa amalume ake, ndipo galimoto ikamveka pamsewu amakhala pansi mumpungamo mpaka idutse.