Windo la Akunja

Holo yolembetsera ku yunivesite inali ndi mawindo atatu. Loyamba linali la ana a m'dziko muno, lachiwiri la akunja, lachitatu la amene akusamuka kuchokera ku koleji ina. Kachete anaima pamzere wa windo loyamba m'mawa wonse, fayilo ataipana m'khwapa mpaka inanyowa ndi thukuta. Dzina loti Kacheteli anam'patsa ndi aphunzitsi a kusekondale, chifukwa akam'funsa funso, yankho ankalinong'oneza desiki.

Atafika kutsogolo, mayi wa pawindo anaona satifiketi yake n'kugwedeza mutu mokhutira. Koma atatenga chikalata chobadwira, nkhope inasintha.

"Wasokera mzere iwe. Pita windo lachiwiri."

"Lija ndi la akunja, mayi."

"Nanga ine ndikunena chiyani? Chikalatachi n'cha dziko lina. Mayi ako ndi a dziko lina. Polemba bambopa ndi poyera. Ndiwe wakunja. Wotsatira!"

Mawu amenewo sanali achilendo m'makutu mwa Kachete. Azimayi a pampopi ankawanena iye akamadutsa: mwana wakunja, ndiye kuti wobadwa kunja kwa banja, bambo ake ali ndi mkazi wawo wa ukwati kwina. Anakula akuwameza ngati mankhwala owawa. Koma sankadziwa kuti nayo ofesi ya makompyuta ndi mafani imawadziwa mawuwa.

Pawindo lachiwiri panalibe mzere. Bambo wa tayi yofiira amene anali pamenepo anayamba kuwerengera pa zala: pasipoti, chilolezo chophunzirira m'dziko muno, munthu wolonjeza kuti azilipira fizi ya akunja, imene siyerekezeka n'komwe ndi ya eni dziko, komanso mayeso osonyeza kuti Chingerezi amachimva.

"Chingerezi ndinakhoza bwino kuposa kalasi yonse," anatero Kachete. "Sukulu yanga ndi ija ikuonekera kuseri kwa mpanda wanuwu. Kunja kumene mukunenako ndinachokako ndili kumsana."

"Malamulo sadziwa kumsana, mwana wanga." Bamboyo anam'yang'ana pamwamba pa magalasi. "Njira ilipo imodzi. Kholo lomwe ndi nzika libwere lokha ndi chiphaso chake, lisaine pamaso pathu kuti ndiwe mwana wake. Mawa tikutseka. Bambo ako ali moyo?"

"Ali moyo."

"Ndiye vuto lili pati?"

Kachete anatuluka makutu akutentha.

Kunyumba anapeza amake akupalasa makina osokera pakhonde, mapini ali kukamwa. Anaponya fayilo pamulu wa nsalu.

"Amayi, bwanji simunandiberekere konkuno? Zipatala kunalibe?"

Amake anatulutsa mapini mmodzimmodzi. "Mimba yoyamba munthu amakachirira kwa amake. Kuno ndikanachirira kwa ndani? Kwa mkazi wa abambo ako? Usandikalipire ine, ndakulera ndi singano. Aimbire eni akewo."

Anaimba. Foni inaitana mpaka kudula yokha. Ataimbanso, bambo ake anayankha monong'ona: "Ndili pamsonkhano, tilankhulana sabata yamawa." N'kudula.

Bambo akewo anali ndi galaja yaikulu m'tauni. Akamabwera kudzawaona, galimoto ankaisiya msewu wina, n'kumalowa chozemba ngati munthu wodzagula katundu wakuba. Tsiku lina Kachete ali wamng'ono anam'khazika pamwendo, n'kum'patsa switi, n'kunena kuti, "Tikakumana pa anthu uziti ankolo, wamva?" Ndipo iye, pokhala mwana womvera, anawatcha ankolo mpaka lilime linazolowera.

M'mawa mwake analawirira ku galaja. Anapeza makaniko wina atagona kunsi kwa lole, miyendo yokha ikuoneka.

"Abwana? Apita ku yunivesite," anatero makanikoyo osatulukamo. "Akukasamutsa mwana wawo wamkazi. Akuti koleji imene ali ili kutali, madzi akumeneko akum'tulutsa ziphuphu. Ana a mabwana, mayi, khungu lawo ndi la pepala."

Kachete anangoti chilili. Pamsonkhano! Sabata yamawa! Mumtima mwake munayamba kuwira ngati redieta ya lole yomweyo. Sanadikire minibasi kuti idzaze. Anayenda wapansi, akuponda msewu ngati wam'lakwira.

Atangolowa mu holo muja anawaona bambo ake. Anali pamzere wa windo lachitatu, atavala jekete, atanyamula fayilo ya pinki pachifuwa ngati khanda. Pambali pawo panali mtsikana wa msinkhu wake womwe, wa tsitsi lalitali loluka, akusewera pafoni. Kachete anali asanamuonepo pafupi chotere. Anayandikira.

"Ankolo," ananong'ona.

Bambo aja anadzidzimuka, fayilo kutsala pang'ono kugwa. "Aa, iwe! Ukutani kuno?"

"Akufuna musaine pawindo loyamba. Lero akutseka. Mukapanda kusaina akundiika kwa akunja, ndiye sukulu yathera pomwepa."

"Kandidikire panja. Ndikupeza."

"Simundipeza. Mukatulukira khomo lina."

Mtsikana uja anachotsa maso pafoni. "Adadi, ndani ameneyu?"

Bambo aja anaseka kuseka kouma. "Ndi mwana wa telala uja amatisokera maovolosi a ku galaja. Ndimangowathandiza apo ndi apo."

Mwana wa telala. Kachete anamva ngati wina wam'thira mbama ndi dzanja lonyowa. Anakumbukira malipoti a sukulu amene ankawasungira kuti adzaone, iwo n'kumawerenga ali chiimire, kiyi wa galimoto ali m'manja. Anakumbukira tsiku la makolo kusukulu, mpando wa pambali pa amake utakhalidwa ndi chikwama. Zonsezo anazipirira. Koma lero ankafuna siginecha yokha, kukhwatcha kamodzi, ndipo munthu amene ananyamula fayilo ya pinki m'mawa wonse ankaona kuti cholembera n'cholemera.

"Adadi!"

Mawuwo anatuluka aakulu moti iye mwini anadabwa kuti anali kubisala pati zaka zonsezi. Holo yonse inatembenuka. Mayi wa pawindo loyamba anasuzumira, chidindo chili m'mwamba.

"Iwe, tsitsa mawu," anatero bambo aja, mano atalumana.

"Ndatsitsa mawu kuyambira ndili kamwana, adadi! Ankolo, ankolo, mpaka liti? Ankolo ake ati amene anandipatsa mphumi iyi? Amayi anga amasoka maovolosi, inde. Ine anandisoka okha?"

Wina pamzere anaphulika kuseka. Mayi wina wonenepa, amene anaperekeza mwana wake, anawomba m'manja kamodzi. "Ayi ndithu, bambo, mphumiyo ndi fotokope. Musatitayitse nthawi, kasaineni."

"Sizikukukhudzani, mayi!"

"Zatikhudza kale, tamva tonse."

Kachete sanalekere pomwepo. Misozi inkatsika koma mawu sanagwe. "Sindinakupempheni nsapato. Sindinabwerepo pageti panu. Akazi anu akandiona mumsika amalavula, ine ndimangoyang'ana pansi. Kunyumba ndine wakunja, pampopi ndine wakunja, pano pomwe ndakhoza ndi mutu wanga ndikhalenso wakunja? Uyu mukum'samutsa chifukwa cha ziphuphu. Ine ndikungofuna kulowa!"

Mtsikana wa tsitsi loluka uja anali atasiya foni. Anayang'ana Kachete, n'kuyang'ana bambo ake, n'kubwereranso kwa Kachete. Anagwira mphumi yake yomwe pang'onopang'ono.

"Adadi," anatero motsitsa, "n'zoona?"

Bambo aja anatulutsa kampango n'kupukuta m'khosi. Anayang'ana kukhomo, koma pakhomo panali mlonda amene naye anali atatchera khutu. Mtsikana uja anawalanda fayilo ya pinki ija.

"Zanga ndipanga ndekha. Pitani uko."

Anthu a pamzere woyamba anapatuka okha, ngati mmene amapatukira pakamadutsa maliro. Bambo aja anaponya chiphaso chawo pawindo osayang'ana munthu. Mayi wa pawindo anachitembenuza uku ndi uku, osafulumira ngakhale pang'ono.

"Ndikufunseni mwalamulo, bambo. Uyu ndi ndani wanu?"

"Mwamva kale."

"Ine sindilemba zomva m'holo. Nenani."

"Ndi mwana wanga."

Anasaina mokanda mpaka pepala linatsala pang'ono kubooka. Potembenuka anawerama pakhutu pa Kachete. "Wandivula pagulu. Kunyumba kwanga lero kuyaka moto chifukwa cha iwe. Nambala yanga uifufute, ndipo kwanu kuja simudzandionanso."

Mawuwo anam'baya, sangakane. Penapake mkati mwake kamwana ka switi kaja kanafuna kuwathamangira, kupepesa, kunena kuti ankolo ndikhululukireni. Anagwira m'mphepete mwa windo ndi manja onse awiri mpaka bambo aja anatuluka.

"Ndiye dzina lachiwiri tilembe liti?" anafunsa mayi wa pawindo, zala zili pakompyuta. "La pasatifiketi ndi la amako. Ukafuna la bambo, ukalumbire kaye kwa loya, udzabweretse pepala."

Kachete anapukuta nkhope ndi kuseri kwa dzanja. Anaganiza za tsiku lomaliza maphunziro, pamene amaitana mayina pa chimkuzamawu, anthu n'kumaimirira kufunafuna kholo la mwanayo. Anaganiza za mapini aja kukamwa kwa amake.

"Lisiyeni lomwelo, la atelala," anatero.

"Ati? Kweza mawu."

"Ndati la atelala!"

Chidindo chinagunda papepala. Atacheuka, anaona mtsikana uja akumuyang'anabe kuchokera pamzere wachitatu, fayilo ya pinki ataipana m'khwapa. Sanamwetulirane. Kachete anatenga risiti yake, nadutsa pawindo lachiwiri osaliyang'ana.