Kavoti ka a Laimoni

Mbatata ya kachewere ikayamba kuwola, fungo lake silibisika. Matumba a a Laimoni adakhala m'mbali mwa msewu mpaka adayamba kudontha madzi akuda. Lole ya ogula ochokera ku Blantyre idangofika tsidya la mtsinje wa Msambidzi nkutembenuka, chifukwa mvula ya dzinja lapitalo idakokolola kamlatho nkusiya chigwembe choti ngakhale ngolo sikadadutsa. Umu mudali mu Novembala chaka cha 2000, kumapiri a kumtunda kwa Neno.

Mkazi wawo, mayi Yunike, ankasankha zotsala, koma zambiri zidali zongoyenera nkhumba.

"Bambo a Thandizo, mwamva kuti sabata yamawa kuli chisankho cha makhansala?" adafunsa.

"Kavoti kameneko?" adatero a Laimoni, nkulavula pansi. "Ine ndidavota kale. Mu 1994 ndidaima pamzere dzuwa likuswa mutu, chaka chatha ndidaimanso. Ndidasankha pulezidenti, ndidasankha phungu. Ndiye pamene yakanika nkhwangwa, kakhansala kabwere ndi lumo?"

Munthu sungawadzudzule kwambiri. Nthawi ya kampeni magalimoto ankakwera mapiriwo osadandaula, anthu nkuvina mpaka miyendo kutuwa. Chisankho chitatha kudangoti zii. Zimapweteka kuvinira munthu kenako iye nkukuiwala.

Akulankhula choncho, m'chigwembemo mudatulukira mayi Stelia, alangizi a zaumoyo, njinga ili paphewa, bokosi la katemera lili m'manja. Adaitula njingayo akupumira m'mwamba, ndipo mayi Yunike adawafotokozera zimene amuna awo adanena.

"A Laimoni, inu chilichonse ndi ka," adatero mayi Stelia. "Kavoti, kakhansala. Nanga chawoletsa mbatata yanuyi n'chiyani? Si kamlatho?"

Mayi Stelia adapitiriza:

"Misewu ya m'midzi, mijigo, misika, zonsezi zimakambidwa kukhonsolo. Zaka zapitazi kudalibe makhansala, ndiye dzina la Msambidzi akadalitchula ndani kumeneko? Pulezidenti ali ndi dziko lonse. Kodi mukuganiza kuti mtsinje uno akuudziwa?"

"Ndiye mukuti ndidavutika chabe kumuvotera, eti?"

"Ayi, simudavutike chabe. Boma lalikulu ndilo limakonza malamulo ndi kutumiza ndalama za chitukuko. Koma zikafika kukhonsolo pamafunika pakamwa ponena kuti zipite pati. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, bambo. Sankhani munthu amene mukumudziwa pakhomo pake, woti akanama mukamupeza."

Tsiku la chisankho lidakumana ndi mvula yobzalira. M'mawa mwake mudzi wonse udakhamukira kuminda, aliyense akuti chisankho chenicheni chidatha chaka chatha. Mayi Yunike adavala chitenje chawo nkutsikira kusukulu kumene kunkavoteredwa, pamodzi ndi amayi anzawo ochepa. A Laimoni adatenga khasu.

Njira ya kumunda kwawo inkadutsa pa mulu wa mbatata yowola uja. Adaima pamenepo, ntchentche zili ng'waa. Thukuta lonse la m'dimba lidathera apo, ndipo mbewu imene ankapita kukabzala ikadatheranso pomwepo. Adabisa khasu patchire nkulunjika kusukulu, matope ali m'miyendo.

Zimene adapeza zidawawawa mtima kuposa mbatata. Pamene chaka chatha padali mzere wokhota mpaka kubwalo la mpira, tsopano pankadya mbuzi. Oyendetsa chisankho ankangoyasamula. A Laimoni adavotera a Kalisto, mlimi wa mudzi woyandikana nawo, amene pamisonkhano ankalankhula za msewu osati kutukwana anzawo. A Kalisto adapambana, koma mwapang'ono kwambiri, moti amayi aja akadapita kumunda nkhani ikadakhala ina.

Musaganize kuti mlatho udamera m'mawa mwake. Dzinja lidadutsa, chigwembe chidakula, ndipo mbatata ina idawolanso. A Laimoni ankayenda akung'ung'udza kuti adanena, adanena. Koma chinthu chimodzi chidasintha: tsopano adali ndi munthu womukalipira. Phungu sadamuonepo chisankhireni, pamene a Kalisto ankakumana nawo kuchigayo, kutchalitchi, ngakhale pamaliro.

"A khansala, za Msambidzi zili pati?"

"A Laimoni, mundiphatu. Ndakanena kukhonsolo, akuti tidikire."

"Kanenenitu kawiri. Ine ndidasiya kubzala chifukwa cha inu."

Mayi Stelia adawalangiza kuti asamangokalipa paokha. Mudzi udakhala pansi, udalonjeza mchenga, miyala ndi manja, ndipo a Kalisto adanyamula lonjezolo kupita nalo kumsonkhano wa khonsolo. Chilimwe chitafika, mapaipi aakulu ndi simenti zidatsitsidwa pa Msambidzi. Amuna adakumba, amayi adatuta mchenga, mpaka msewu udalumikizika.

Tsiku limene lole idakwera phirilo, ana adaithamangira akukuwa, amayi akululutira. A Laimoni sadavine. Adakweza matumba awo mwakachetechete, kenako adakhala pamwala pafupi ndi mayi Stelia.

"Simukukondwa kodi?" adafunsa mayiwo.

"Ndakondwa. Koma ndikaganiza kuti ntchito yonseyi yatha mwezi usanathe, mtima ukundiwawa. Tavutika chonchi chifukwa chosowa munthu wotinenera basi."

"Nanga chisankho china chikadzagwanso tsiku la mvula?"

"Mbewu idzadikira," adatero a Laimoni. "Ndidzayamba ndavota."

Abale, zisankho zonse n'zofunika, ndipo tisaphonye chilichonse. Voti ya pulezidenti ndi phungu imakonza njira ya dziko lonse, koma ya khansala ndi imene imafika pakhomo pathu: pamsewu, pamjigo, pamsika. Tikavote, ndipo tikatha kuvota tisagone. Amene tamusankhayo timulondole mpaka atachita zimene tidamutuma.